Mizere ya M'bafa ndi Msana wa Apongozi

Lolemba, 5 Meyi

Nesi wati abambo amene mutu ukuwazungulira azilemba maganizo awo m'kope, m'malo momangoyendayenda m'khonde la chipatala ngati nkhuku yofuna kuikira. Amanena akuyang'ana ine. Ndiye ndayamba.

Mwana wathu anabwera masiku ake asanakwane. Wamkazi. Kakang'ono zedi, chubu cha njinga chikhoza kumuposa kulemera, ndiye ine ndikumutcha Kachubu mpaka tidzagwirizane dzina. Iye ndi madamu akadali kuchipatala. Akuti akanenepako pang'ono atuluka Loweruka. Nesi wati chifuwa chake sichinakhwime, kunyumba kusakhale utsi, fumbi, chinyontho kapena chuku.

Apongozi, mayi awo a madamu, anafika dzulo kudzathandiza. Muno ndiziwalemba AP. Chikwama sanatsegule n'komwe. Ayamba ndi kuyendera nyumba ngati apolisi apamsewu akagwira minibasi: kukhitchini, kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi. Atafika kubafa aima. Aima nthawi yaitali.

"Bambo, matailosi awa ndi oyera?"

Ndati eya, Amayi.

"Nanga mizere yakudayi ndi maluwa?"

Kunena zoona ine ndinali ndisanaionepo. Munthu umalowa m'bafa, sopo m'maso, n'kutuluka. Lero ndayang'ana. Pakati pa tailosi ndi tailosi, pamene pamayenera kukhala poyera, pali bii ngati m'zikhadabo mwanga ndikaweruka kokonza matayala. Pakona ya pansi pa mpope ndiye pachita kumera ubweya.

AP ati mdzukulu wawo sapuma mpweya umenewo. Loweruka likafika bafa lili chomwechi, atenga mayi ndi mwana pageti penipeni pa chipatala, ulendo wa kwawo, kutali koyenda tsiku lathunthu. Akakhala kumeneko mpaka mwana atalimba khosi. Ine ndizimuonera pa foni.

Ndati Amayi, pofika Loweruka mudzadyera pansi m'bafamo. Ati iwo mbale ali nayo.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndalawirira kukwecha. Sopo waufa, madzi otentha, ndi kamswachi kakale kamene ndakapeza pawindo la kubafa, kophwasuka ngati tsache la pamsika. Ndakwecha mpaka phewa kuuma. Thovu lada, mizere osasintha.

Kenako AP kugogoda. "Bambo, simunaone mswachi wanga pawindopo?"

Ndati ayi. Unali m'thumba la kabudula, ukundinyowetsa ntchafu. Ndakautaya mu bini ya kuntchito, pansi penipeni.

Ndamufotokozera Jeke, mnzanga amene timakonza naye matayala. Dzinali analipeza tsiku lina jeke itathyoka, iye n'kukweza kagalimoto ndi msana. Mphamvu zonse zinapita kumsanako, kumutu kunangotsala za mchere. Wati thira mankhwala oyeretsera zovala, aja onunkha chipatala. Madzulo ndathira botolo lonse, chitseko nditatseka. Misozi mbwee, mphuno ngati ndanunkhiza tsabola, kabudula wanga wabuluu tsopano ndi wamawangamawanga ngati nkhanga. Mizere yakumtunda yasanduka yabulauni. Yakumunsi yangondiyang'ana.

AP pakhomo, mphuno atatseka ndi mpango: "Mukupha chuku kapena mukupha ine?"

Funso lovuta.

Kuchipatala Kachubu wayamwa bwino. Wandigwira chala. Ndinasamba m'manja kambirimbiri ndisanalowe koma girisi wa matayala satuluka, ndiye kadzanja kake kofiira pa chala changa chakuda, ndachita manyazi. Madamu ati, "Mwanunkhiranji ngati mwagwa mu diramu la zochapa?" Ndati ndikumenyera nkhondo banja.

Lachitatu, 7 Meyi

Jeke wabwera ndi nzeru ina. Kuntchito tili ndi choko choyera chamafuta, cholembera pa tayala pamene tapeza kuti paboola. Chimalemba ngakhale pa labala wonyowa, mvula sichichotsa. Jeke wati, "Aise, apongozi akufuna kuona zoyera. Apatse zoyera. Ali ndi makina oyezera iwowo?"

Ndatengako zingapo. Nthawi ya nkhomaliro, AP ali kuchipatala, ndathamangira kunyumba n'kulemba mzere uliwonse, kuyambira kudenga mpaka pansi. Dzanja langa silinjenjemera. Kusukulu chinthu chimodzi chimene ndinkakhoza ndi kulemba mizere, mayankho okha ndi amene ankavuta. Bafa layera mbee ngati la mu hotela. Ine mwiniwake ndavula nsapato polowa.

AP atabwera ndawaitana. Avala magalasi. Ayang'ana kumtunda, ayang'ana kumunsi. "Mhm." Basi. Koma "mhm" wa AP ndi satifiketi.

Ndawaimbira madamu: Loweruka mukubwera kwanu kuno. Ati mwachita bwanji msanga chonchi? Ndati luso. Ati mawu amenewo akawamva kwa ine amayamba kuda nkhawa.

Lachinayi, 8 Meyi

Ambuye ndithandizeni.

Chimene Jeke sananene: chokocho mvula sichiopa, koma madzi otentha chimaopa. Ndipo AP amasamba madzi oti ukhoza kusosolera nkhuku. Chimene ine sindinkadziwa: akamakwecha zidendene amatsamira khoma ndi msana.

Atuluka atamanga thaulo m'chifuwa, kudutsa pabalaza, ine ndikumwa tiyi. Kuyambira m'khosi, mapewa onse, mpaka pamene thaulo layambira, mizere yoyera, yoima ndi yopingasa, mabokosi ofanana bwinobwino ngati kope la masamu. Tiyi wanditulukira m'mphuno. Ati, "Mwatani?" Ndati watentha.

Nanga apongozi ungawauze bwanji kuti wawaona kumsana? Ndatseka pakamwa, ndapita kuntchito. Iwo avala diresi lawo lija lotseguka kumbuyo kwa khosi, akwera basi ya kuchipatala. Tauni yonse yawerenga.

Cha m'ma teni foni. Madamu, osatha kulankhula, kungomveka kusisima. Ndimati ndi mwana. Sipanala inagwa m'manja. Kenako ndamva kuti akuseka. "Bambo a mwana, mwawatani Amayi? Wodi yonse ikufuna kusewera dirafuti pamsana pawo. Musandiseketse inu, pamene anandisoka pakuwawa!" Akuti nesi wayesa ndi thonje ndi madzi, zikungofalikira.

Ndati muwauze apake mafuta ophikira, kenako sopo, ndi mmene timachotsera kuntchito. Kumbuyo ndamva mawu a AP: "Oo. Ndiye kuti akuchidziwa chimene chili."

Madzulo sanakalipe. Bola akanakalipa. Andidikira pakhomo pa bafa akununkhira chiwaya. Khoma lonse choko chatsetsereka, zakuda zija zatulukiranso pansi pake zikuchita kuseka. Ati, "Ine mwandipaka, palibe kanthu, ndine wamkulu, ndasamba. Koma mumafuna mwana adzapume zomwezi, mutangoziveka malaya oyera?"

Ndayang'ana zala zakumapazi.

Aimbira achimwene awo, amalume a madamu, amene ali ndi galimoto. Ine ndili pomwepo. Loweruka abwere pachipatala, athire mafuta okwanira, ulendo ndi wautali.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndapempha tsiku kwa bwana. M'mawa kuchipatala. Nesi wandivulitsa shati n'kundiika Kachubu pachifuwa, khungu kukhungu, akuti ana otere amafunda bwino choncho. Ndakhala chete ngati chipilala. Kupuma kwake ndimakumva pakhosi pano: fii, fii, ngati tayala lotuluka mpweya pang'onopang'ono, lija umachita kuliika khutu. Ndafunsa nesi ngati sakudontha penapake. Wati ndi mmene amapumira, ndisiye kumutuzulira maso ndimuopseza.

Ndili pomwepo ndaganiza za chigamba. Kasitomala akabwera ndi chubu choboola, ine sindimata chigamba pamwamba pa litsiro. Umapala kaye mpaka labala watsopano aonekere, ndiye n'kumata. Anthu omata osapala ine ndimawatukwana mpaka kwawo. Nanga m'bafa mwangamo ndachita chiyani?

Kuchoka apo ku hadiweya. Mayi wa pakauntala wamvetsera nkhani yonse, mpaka ya msana, kenako waitana mnzake kuti ndibwereze. Atapukuta misozi wati zoyera za pakati pa matailosi dzina lake ndi girauti, ufa wonga simenti. Yakale chuku chikaidya mpaka mkati sichapika, umaikumba n'kuika ina. Ndisakanize ndi madzi pang'ono, ilimbe ngati mankhwala otsukira mano. Ndikamata ndipukute ndi siponji yonyowa isanaume. Kenako madzi asafikepo tsiku lathunthu. Ndipo choko chonse chichoke, apo ayi sigwira. "Komanso mnzanu wanzeruyo musadzamufunsenso kanthu, ngakhale nthawi."

Choko ndachichotsa ndi nsanza ndi parafini, mawindo onse pululu. Kukumba ndakumba ndi chidutswa cha sowo yodulira zitsulo, mbali yogwira nditakulunga tepi. Khwee, khwee, mzere ndi mzere. Anaika timatailosi ting'onoting'ono chonchi ndani? Munthu ameneyo analibe apongozi. Fumbi m'maso, m'makutu, m'mano. Zala zatuluka matuza. AP adutsa kangapo pakhomo, kungoyang'ana ngati akuonera maliro a munthu wosamudziwa.

Pakona ya pansi pa mpope, paubweya paja, ndangokhudza pang'ono tailosi n'kugwa yokha, phwa, kusweka pakati. Kuseri kwake khoma lanyowa ngati siponji. Paipi ikudontha polumikizira, kadontho kamodzikamodzi, mwina kuyambira tisanalowe m'nyumba muno. Ndiye kuti chuku chimadyera pamenepo. Bwenzi nditakwecha mpaka Kachubu atakwatiwa.

Ndaimbira eninyumba. Ati abwera mawa. Mawa la eninyumba ndimalidziwa, chitseko cha kukhitchini chikulidikirabe kuyambira chaka chatha.

Mawa lenileni ndi Loweruka, ndipo bafa lili ngati mwaphulika bomba.

Loweruka, 10 Meyi

Sanatuluke. Sikelo yakana, akuti tidikire mpaka Lachiwiri. Ndinakondwa. Kenako ndinachita manyazi kuti ndakondwa. Kenako ndinaopa. Madamu alira. Amalume abwerera ndi galimoto yawo, ati Lachiwiri abweranso.

Ndamaliza kukumba. Chakudya sichinalowe.

Lamulungu, 11 Meyi

AP apita kutchalitchi, ine ndapemphera chogwada pansi pa mpope. Ndatseka madzi pa mita, ndamasula polumikizira paja, ndakulunga tepi yoyera ya mapaipi, ndamanga. Pamwamba pake labala wa chubu, wothina mpaka kulira, poti ine tepi yokha sindiikhulupirira. Pakonapo ndi pamdima, ndiye foni ndinailuma pakamwa kuti iziunika, malovu akutsikira pa sikirini.

Kenako wina wandizula foni pakamwa. AP, ndi zovala zakutchalitchi, chipewa chikadali kumutu. Aipukuta ndi mpango n'kuunika. "Apa?" Ndati kumunsi pang'ono, Amayi. Aunika kumunsi pang'ono. Ndakatsegula madzi, ndaika pepala lakuchimbudzi pansi pa paipi, tonse awiri kuliyang'ana pepalalo ngati TV. Louma.

Ati, "Ndiye madziwo amachokera mkati mwa khoma?" Ndati eya. "Mhm."

Pakonapo ndaikapo fani kuti paume. Masana girauti kwina konseko. Yoyamba ndathira madzi ambiri, yatsika khoma ngati mamina. Yachiwiri yabwera bwino. Chopakira ndadula pa chubu cha lole, labala wokhuthala, umakankhira girauti mumpata chopingasa, imalowa yokha. Ndikhoza kuyamba kugulitsa.

Ndili pakati pa khoma lachiwiri foni yalira. Madamu, akuti mwana wayetsemula. Kamodzi. Ndafunsa kuti mokweza bwanji, mbali iti ya mphuno, nesi wamva kapena ayi, dokotala ali kuti, mpaka andidulira foni. Pobwerera m'bafa girauti yayamba kuuma pamwamba pa matailosi, khoma lonse mbuu. Ndinangogwira mutu.

AP avula chipewa. Apinda manja a bulauzi. Atenga siponji. Iwo khoma ili, ine khoma ilo. Amakwecha ngati akukwecha ine. Tili pakati pa ntchito ati, osatembenuka, "Mswachi uja unali wabwino."

Ndati pepani, Amayi.

"Unayeretsa mizere ingati?"

Ndati ngakhale umodzi.

"Ndiye unafera chabe."

Lolemba, 12 Meyi

Pakona pauma. Tailosi yosweka ija yofanana nayo kulibe. Aneba andipatsa yotsala kwawo, kukula chimodzimodzi koma yachikasu. Ndaimata, ndazunguliza girauti. AP ati bafa langa laika dzino lagolide.

Bafa ndakiya, kiyi m'thumba. Palibe kusambamo mpaka mawa. AP asambira m'beseni kukhitchini, ine andithamangitsira panja, ndakhala pa njerwa ngati mlonda. Atamaliza ndamva akuimba foni, mawu apansipansi. Ndangotolapo "mawa" ndi "galimoto".

Jeke wafunsa ngati choko chinagwira. Ndati chinagwira apongozi. Wati ali ndi nzeru ina. Ndamuonetsa sipanala yaikulu.

Nditaweruka ndalowa kangapo kukagwira mizere ndi chala. Yalimba. Ina yakhota, pakona yakumtunda pakhuthala ngati chipsera. Kaya. Chikwama cha AP chili pafupi ndi chitseko, chotseka, ndipo pambali pake aikapo thumba la matewera amene ndinagula ine.

Ndasesa kuchipinda, ndayala kabedi ka Kachubu. Kabulangete ndakayala, ndakapinda, ndakayalanso. Ngati apita, ndiziika chiyani pamenepo?

Lachiwiri, 13 Meyi

Sikelo yavomera!

Pageti galimoto ya amalume, injini ikulira kale. Tayala lakumbuyo lachepa mpweya, ndaliona ndili patali. Mtima wina unati khala chete, asafike kutali. Koma mwana wanga akwera momwemo. Ndatenga pampu m'buti ndapopa ndekha. Kupopera galimoto yodzandilanda mwana, thukuta kamukamu, amalume akuti mkamwini uyu ndi waulemu.

Madamu kumbuyo ndi Kachubu, akuyang'ana ine. Ine ndikuyang'ana AP. Amalume afunsa, "Tilowera kuti, achemwali?" Ati, "Tidutse kunyumba kaye. Katundu wanga ali konko."

Pofika ati aliyense akhale m'galimoto, ine ndekha ndikatsegule bafa. Kiyi wakana kulowa, manja omwe aja a mizere akuphonya bowo. Avala magalasi. Anyowetsa chala pampope, akhula mzere, ayang'ana chala. Mzere wina, ayang'ana chala. Agwada, anunkhiza pa dzino lagolide. Kenako adzuka, atembenuka, atsamira khoma ndi msana, ndi diresi lakuda, n'kudzikhula uku ndi uku ngati ng'ombe pamtengo.

"Tayang'anani, bambo. Lero mwaloledwa."

Ndayang'ana. Palibe kanthu.

Atuluka, anyamula chikwama chawo pafupi ndi chitseko. Koma panja sanapite. Alowa nacho kuchipinda chaching'ono n'kukhuthulira zonse pabedi. Kenako afuula pawindo kuti achimwene atsitse matumba amene ali m'buti. Matumba amene ndinawasuntha ine pofuna pampu, osadziwa. Madiresi, nsapato, wailesi, pilo wawo, mpaka chitsulo chositira. Foni ya dzulo ija AP amaitanitsa katundu wawo ameneyu.

Madamu alowa, mwana pachifuwa, aima pakhomo pa bafa. "Iii, nyumba yathu yomwe ija?" Kachubu watsegula diso limodzi, wayang'ana tailosi yachikasu, wayasamula. Ndamutenga. Fii, fii, pakhosi panga, m'nyumba mwanga.

AP abwera ndi mswachi watsopano, ukadali m'pepala. Ang'amba pepala, auika m'kapu pawindo, pafupi ndi wanga.

"Uwu ndi wa mano, bambo. Ndili pano mpaka mwana atayamba kuyenda."

Sabata yatha ankati mpaka atalimba khosi. Ndamupereka Kachubu kwa mayi ake, ndapita kukatereka madzi awo osamba.